Mphamvu yosintha malinga ndi malo pa khoma la thanki, damu kapena nkhokwe: pulogalamu iti ya finite element ikuyenerani?

Madzi sakankha khoma mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Amene anasambirapo pa dziwe lakuya la mtsinje wa Revúbuè ali mwana amakumbukira mmene makutu amayambira kuwawa munthu akamalowa pansi pa madzi, ndipo nambala yake ndi yodziwika: mita iliyonse ya kuya imawonjezera makilopasikali 9.81. Pa kuya kwa mamita 100, sikweya mita iliyonse ya konkireti imasenza pafupifupi matani 100, n'chifukwa chake damu la Cahora Bassa ku Songo, lomwe ndi lalitali mamita 171 ndipo linayamba kusunga madzi mu 1974, ndi lochindikala kwambiri pansi kuposa pamwamba.

Ambirife sitidzapatsidwa ntchito yowerengera damu lotere. Ntchito zathu ndi mathanki a madzi a m'matauni ngati Ulónguè ndi Furancungo, makoma otchinga dothi ku migodi ya malasha ya Moatize, nkhokwe zachitsulo zosungiramo chimanga cha ku Angónia ndi Tsangano, komanso mizati ya milatho imene madzi osefukira amaiwomba, monga tinaonera pa Revúbuè mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anadutsa. Pa zonsezi mphamvu yokankha imasintha malinga ndi malo. Ya madzi imakula molingana ndi kuya. Ya dothi imateronso, koma imachulukitsidwa ndi nambala yodalira mtundu wa dothi: kwa mchenga wa madigiri 30, fomula ya Rankine imapereka gawo limodzi mwa magawo atatu ngati khoma likutha kusuntha pang'ono, pamene ya Jaky imapereka theka ngati khoma lagwidwa zolimba. Ya chimanga m'nkhokwe imakula msanga pamwamba kenaka n'kumayandikira malire, chifukwa njere zimakhulana ndi khoma ndipo khomalo limanyamula gawo la kulemera kwake, zimene Janssen anafotokoza mu 1895.

Funso la amene akufuna kusankha pulogalamu ya finite element, yomwe imagawa chinthu m'tidutswa ting'onoting'ono kuti iwerengere mmene chikusenzera mphamvu, ndi lakuti: ndi iti imene ingalandire mphamvu zoterezi mosavuta, pa mtengo umene ofesi ya ku Tete ingakwanitse, ndipo m'njira yoti mnzanu adzathe kuona zimene munachita? Amene anaphunzira mu Chipwitikizi ku Instituto Superior Politécnico de Tete kapena ku Songo anazolowera mawu akuti carga, malha ndi nós. Muno ndinena mphamvu, ukonde ndi mfundo, ndipo tidutswa timene ukonde umagawa chinthu nditcha tizigawo.

Chitsanzo choyezera

Pulogalamu iliyonse tiiyeza ndi khoma limodzi: la thanki, lalitali mamita 4.5, madzi afika pa mamita 4, ndipo z ikuyambira pansi pa thanki kukwera m'mwamba. Pansi madzi akukankha ndi makilopasikali 39.24. Pa mita iliyonse ya utali wa khoma, mphamvu yonse ndi makilonyutoni 78.5, ndipo imagwira pa mamita 1.33 kuchokera pansi, choncho momenti yofuna kupinda khoma pa tsinde lake ndi 104.6 kNm (makilonyutoni kuchulukitsa ndi mamita). Manambala atatuwa mungawapeze ndi pensulo pa mphindi ziwiri, ndipo pulogalamu iliyonse imene sikukubwezerani manambala omwewa pa zochirikiza khoma ndiye kuti mwaiuza zolakwika. Munthu akaika mphamvu yofanana ya makilopasikali 19.62 pa khoma lonse lonyowa, mphamvu yonse imatuluka yolondola koma momenti imakhala 157, ndipo akaika 39.24 ponseponse imafika 314, katatu kuposa yeniyeni. Zitsulo zoonjezera zimene momenti yotere imaitanitsa amalipira ndi mwini ntchito.

Zoyenera kuganizira musanasankhe

Choyamba ndi njira imene mphamvu imalowera. Pali njira zinayi: kulemba fomula ya x, y ndi z mwachindunji, kupereka tebulo la manambala kuti pulogalamu ilumikize pakati pake, kulemba kachidutswa ka pulogalamu m'chinenero ngati Fortran kapena Python, ndi kudula khoma m'malamba n'kupatsa lamba aliyense mphamvu yofanana. Ilipo yachisanu imene ndikupempha kuti muipewe, yomwe ndi kugawa mphamvu pa mfundo ndi dzanja. Pa tizigawo tokhala ndi mfundo pakati pa mbali zake, kugawa mofanana n'kulakwa: nkhope (mbali yakunja ya kachigawo) ya mfundo 8 ikakankhidwa mofanana, mfundo zinayi zapakati zimatenga gawo limodzi mwa atatu iliyonse, pamene zinayi za m'makona zimalandira gawo limodzi mwa 12 lolowera kumbuyo. Nzeru za munthu sizingaganizire zimenezi zokha, ndipo ndi chifukwa chake ntchitoyi iyenera kusiyidwa m'manja mwa pulogalamu.

Chachiwiri ndi kuoneka kwa fomula. Injiniya woyang'anira ntchito akatsegula fayilo yanu patapita zaka zitatu, kodi adzaona kuti madzi munawaika pa mamita 4, kapena adzangopeza mizere 5,000 ya manambala? Kwa ine ichi chimaposa liwiro la pulogalamu, chifukwa cholakwika chimene chikuoneka chimakonzedwa.

Chachitatu ndi mtengo wonse, osati wa tsiku logula lokha: layisensi ya chaka ndi chaka yolipiridwa m'madola kapena mayuro pamene ofesi imalandira meticais, kompyuta yoti ikwanitse, ndi miyezi imene munthu amathera akuphunzira. Chachinayi ndi mmene zinthu zilili kwathu kuno, kumene kukopera magigabaiti angapo pa Movitel, Vodacom kapena Tmcel kumadya ndalama zooneka, magetsi amatha kuthima mawerengero ali pakati, ndipo kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala mumzinda wa Tete, kumene kumapitirira madigiri 40, kumachititsa laputopu kudzichepetsera liwiro yokha.

COMSOL Multiphysics

Pa nkhani yeniyeni ya mphamvu yosintha ndi malo, pulogalamu ya ku Sweden imeneyi ndi imene imavutitsa pang'ono kuposa zonse. Mu Solid Mechanics mumasankha Boundary Load, n'kuika mtundu wa Pressure, ndipo m'bokosi la nambala mumalemba fomula ngati 1000[kg/m^3]*g_const*(H-z)*(z<H), pamene H, msinkhu wa madzi, mwaitchula kale pa Parameters. Kachidutswa komaliza ka (z<H) kamakhala 1 pansi pa madzi ndi 0 pamwamba pake. Fomula ya Janssen yokhala ndi exp imalowa m'bokosi lomwelo popanda chinanso, ndipo manambala oyezedwa pamalo a ntchito amalowa kudzera mu Interpolation. Pulogalamuyi imayang'ananso miyeso, moti mukasakaniza mamita ndi mapasikali fomula imasintha mtundu kukuchenjezani.

Mtengo: Ndi wokwera, ndipo umabwera m'zigawo. Pali pulogalamu yaikulu, kenaka Structural Mechanics Module ya makoma opyapyala ndi mitanda, kenaka Geomechanics Module ngati mukufuna kuti dothi lizichita ngati dothi. Chilichonse chili ndi mtengo wake umene mumaupeza pofunsa ogulitsa. Palibe mtundu waulere wa ophunzira woti munthu angodzikoperera. Masukulu amagula layisensi ya kalasi.

Kupezeka: Imagwira pa Windows, Linux ndi macOS, ndipo mabuku ndi zitsanzo zake pa intaneti n'zambiri, zochuluka zili m'Chingelezi. Thandizo lake limabwera pa imelo kuchokera kunja.

Kusamalira: Kulipira chaka ndi chaka kuti muzilandira mitundu yatsopano. Fayilo yosungidwa mu mtundu watsopano sitseguka mu wakale, zimene zimavuta ngati inu ndi mnzanu wa ku Maputo kapena ku Beira muli ndi mitundu yosiyana.

Zoopsa: Ufulu wolemba fomula iliyonse ndi ufulunso wolakwitsa. Wophunzira wina amene ndinkamuthandiza pa ntchito yake yomaliza maphunziro anaiwala kachidutswa ka (z<H) pa khoma longa la chitsanzo chathu. Pamwamba pa madzi fomula inayamba kupereka manambala ochepera ziro, kutanthauza kuti madzi amene kulibe ankakoka khoma m'kati, ndipo momenti inatsika kuchoka pa 104.6 kufika pa 99.3. Chithunzi cha mitundu chinali chokongola ndipo palibe chenjezo limene linatuluka. Tinachigwira poyerekeza ndi pepala basi. Chinanso ndi kusiyana kwa z yaing'ono ndi Z yaikulu: yaing'ono ndi malo amene chinthu chili pambuyo popindika, yaikulu ndi pamene chinali poyamba. Pa khoma la konkireti kusiyanaku n'kosaoneka, koma pa thanki ya chitsulo chopyapyala kapena pa pepala la pulasitiki loyala pansi pa dziwe, pamene mwatsegula mawerengero a kupindika kwakukulu, muyenera kusankha mwadala.

Ansys Mechanical

Ansys inayamba mu 1970 ndi John Swanson ku United States, ndipo mu 2025 inagulidwa ndi Synopsys. Pa madzi ili ndi chida chokonzeratu chotchedwa Hydrostatic Pressure: mumapereka kulemera kwa madzi, acceleration ndi malo a pamwamba pa madzi, ndipo yokha imajambula mmene mphamvu ikukulira. Pa dothi kapena chimanga mumagwiritsa ntchito Pressure wamba n'kusintha Magnitude kukhala Tabular kapena Function, n'kusankha kuti idalire x, y kapena z. Mphamvu ikamasintha mbali ziwiri nthawi imodzi, monga mphepo pa thanki yozungulira imene imasintha ndi kutalika komanso ndi kuzungulira, njira yabwino ndi External Data, yomwe imawerenga fayilo ya malo ndi manambala n'kuwayala pa ukonde, kapena kulemba malamulo a APDL, chinenero cha Ansys, monga SFGRAD ndi matebulo a *DIM.

Mtengo: Layisensi ya malonda ndi yodula ngati ya COMSOL. Ubwino wake ndi Ansys Student, yaulere, imene imalola mfundo kapena tizigawo tofika 128,000 pa mawerengero a zomangamanga. Malire amenewa amakwana thanki, khoma kapena nkhokwe yonse ya ntchito ya kusukulu.

Kupezeka: Ansys Student imagwira pa Windows pokha ndipo ndi yolemera magigabaiti angapo, choncho ndi bwino kuikopera pa intaneti ya kusukulu kusiyana ndi ya pafoni. Maphunziro ake pa YouTube alipo ambiri m'Chipwitikizi cha ku Brazil, zimene zimathandiza amene Chingelezi chimawavuta.

Kusamalira: Layisensi ya ophunzira imatha pakapita nthawi ndipo mumayenera kuika mtundu watsopano. Mafayilo a Ansys Workbench amakula msanga n'kudzaza diski.

Zoopsa: Kolowera kwa acceleration mu Hydrostatic Pressure kumasokoneza ambiri, ndipo mukakutembenuza mphamvu imakulira m'mwamba kapena imasowa, yang'anani chithunzi cha mphamvuyo musanayambe kuwerengera. Pa External Data, miyeso ndi poyambira pa fayilo ziyenera kugwirizana ndi za chojambula. Apa palinso msampha wathu wa kuno: makompyuta okonzedwa m'Chipwitikizi amalemba 39,24 m'malo mwa 39.24, ndipo Excel imalekanitsa manambala a mumzere ndi kadontho kokhala ndi koma. Fayilo yotere ikalowa mu pulogalamu yoyembekezera kadontho, nambala imodzi imasanduka ziwiri. Izi zimakhudza mapulogalamu onse a munkhani ino, choncho tsegulani fayilo iliyonse mu Notepad musanaipereke. Pomaliza, layisensi ya ophunzira siloleza ntchito yolipidwa, ndipo mawerengero osainidwa ndi membala wa Ordem dos Engenheiros de Moçambique sayenera kuchokera mmenemo.

Abaqus

Abaqus, ya kampani ya ku France ya Dassault Systèmes kuyambira 2005, imakondedwa ndi ofufuza chifukwa cha mmene imawerengera dothi, kung'ambika kwa konkireti ndi kukhudzana kwa zinthu. Ili ndi njira zitatu. Yoyamba ndi Hydrostatic, pamene mumapereka msinkhu umene mphamvu ili ziro ndi msinkhu wina umene mukudziwa nambala yake. Yachiwiri ndi Analytical Field, fomula ya X, Y ndi Z imene imachulukitsa nambala ya Pressure. Yachitatu ndi DLOAD, kachidutswa ka Fortran kamene kamalandira malo ndi nthawi n'kubweza mphamvu. Mnzake wa Abaqus/Explicit ndi VDLOAD. Njira yachitatuyi ndi imene imatha zinthu zimene zina zimavutika nazo, monga gudumu la lole yamalasha loyenda pa mlatho, kapena madzi okwera ndi kutsika m'dziwe pamene nthawi ikupita.

Mtengo: Wokwera, ndipo umawerengedwa ndi matokeni amene amachuluka mukamagwiritsa ntchito mapurosesa ambiri. Learning Edition ndi yaulere koma imathera pa mfundo 1,000 ndipo silola zidutswa za Fortran, choncho DLOAD simungaiphunzirire pamenepo.

Kupezeka: Imapezeka makamaka kudzera m'mayunivesite ndi makampani akuluakulu.

Kusamalira: Apa ndi pamene pali ntchito. Kuti DLOAD igwire pa Windows pamafunika Visual Studio ndi Fortran ya Intel, mitundu yogwirizana ndi Abaqus imene muli nayo, ndipo kulumikiza zitatuzi kumatha kudya masiku. Mukasintha kompyuta mumayambiranso.

Zoopsa: Abaqus sidziwa miyeso. Mukajambula m'mamilimita, kulemera kwa madzi kuyenera kukhala 9.81e-6 nyutoni pa kiyubiki milimita, ndipo mukalemba 9810 mwachizolowezi palibe chimene chidzakuletsani. Njira ya Hydrostatic imaona Z ngati kumwamba pa zojambula za mbali zitatu, choncho amene anajambula Y ikuloza kumwamba amapeza madzi akukankha chammbali. Ndipo fomula imene ili m'fayilo ya Fortran imakhala padera ndi chojambula: fayiloyo ikatayika, palibe angadziwe mphamvu imene inagwiritsidwa ntchito.

Code_Aster ndi Salome-Meca

Iyi ndi imene ndimaiganizira kwambiri ndikaona ofesi yaing'ono ikufuna kuchita ntchito zazikulu mwachilungamo. Inalembedwa ndi EDF, kampani ya magetsi ya ku France, kuti iziwerengera malo ake opangira magetsi ndi madamu, ndipo inatulutsidwa kwaulere mu 2001 pansi pa layisensi ya GPL. Salome-Meca imaiphatikiza ndi zida zojambulira, zolukira ukonde ndi zoonera zotsatira. Malamulo amalembedwa m'fayilo ya Python. Mumapanga FORMULE yokhala ndi NOM_PARA='Z' ndi VALE='9810.*max(4.-Z, 0.)', kenaka mumaipereka ku PRES_REP m'kati mwa AFFE_CHAR_MECA_F. Chilembo F chakumapetocho ndi chimene chimasiyanitsa lamulo lolandira mafomula ndi lolandira manambala okhazikika. Matebulo amalowa ndi DEFI_FONCTION. Zonse zimakhala m'fayilo imodzi ya mawu yoti munthu aliyense angaiwerenge ngakhale alibe pulogalamuyo, ndipo pa muyeso wa kuoneka kwa fomula palibe yoiposa.

Mtengo: Palibe cholipira, ngakhale pa ntchito ya malonda. Mtengo wake weniweni ndi nthawi, chifukwa munthu wozolowera kudina mabatani amafunika miyezi kuti azolowere.

Kupezeka: Kwawo kwenikweni ndi pa Linux, ngakhale kuti mitundu ya Windows iliponso. Mukaikopera kamodzi mungaigawire ofesi yonse pa fulashi popanda kuphwanya lamulo, ndipo sifuna intaneti kuti itseguke, zimene zili ndi phindu kwa amene ali pa ntchito ku Zumbo, Marávia kapena Chifunde. Mayina a malamulo ali m'Chifalansa, ndipo apa ife ophunzira m'Chipwitikizi tili ndi mwayi kuposa abale athu a ku Malawi ndi Zambia, pakuti mawu ngati MODELE, CHARGE, FONCTION ndi PRESSION sali kutali ndi amene tinaphunzira.

Kusamalira: Mayina ena a malamulo amasintha kuchoka pa mtundu wina kupita pa wina, choncho lembani pamwamba pa fayilo mtundu umene munagwiritsa ntchito ndipo sungani pulogalamu ya mtunduwo. Thandizo limachokera kwa ogwiritsa ntchito anzanu, kapena kwa alangizi olipidwa.

Zoopsa: Mphamvu ya PRES_REP imatsatira kolowera kwa nkhope za tizigawo. Ngati nkhope zina zikuyang'ana m'kati ndipo zina kunja, khoma limakankhidwa pena n'kukokedwa pena, ndipo mankhwala ake ndi kuwongola nkhopezo ndi ORIE_PEAU mu MODI_MAILLAGE musanaike mphamvu. Nayonso sidziwa miyeso. Choopsa china n'chakuti ofesi imadalira munthu m'modzi amene anaiphunzira, ndipo iye akapeza ntchito ku migodi mafayilo amatsala opanda wowadziwa, phunzitsani awiri.

CalculiX ndi PrePoMax

CalculiX inalembedwa ndi Guido Dhondt ndi Klaus Wittig ku Germany, ndipo fayilo yake ya malamulo imafanana kwambiri ndi ya Abaqus, moti wophunzira imodzi amakhala wayamba kale inzake. PrePoMax, ya Matej Borovinšek wa ku yunivesite ya Maribor ku Slovenia, imaipatsa mawindo ndi mabatani, ndipo ili ndi mphamvu ya madzi yokonzeratu komanso njira yolowetsera mphamvu yochokera m'fayilo. Pa fomula zachilendo pali njira ziwiri: kulemba dload.f n'kumanganso pulogalamu yonse, kapena kulemba kachidutswa ka Python kowerenga pakati pa nkhope iliyonse n'kulemba mzere wake wa *DLOAD. Yachiwiriyi ndi yosavuta.

Mtengo: Zonse ziwiri n'zaulere, ngakhale pa malonda.

Kupezeka: N'zopepuka, zimakopereka pa intaneti ya pafoni, ndipo zimayenda pa laputopu wamba. PrePoMax imagwira pa Windows.

Kusamalira: Kochepa, pokhapokha mutasankha kumanganso pulogalamu.

Zoopsa: Mizere ya *DLOAD yolembedwa ndi Python imamangirirwa ku manambala a tizigawo, choncho mukalukanso ukonde muyenera kuilembanso, apo ayi mphamvu imagwera pa nkhope zolakwika. Fomula simaonekanso m'fayilo yomaliza, choncho sungani kachidutswa ka Python pamodzi ndi chojambula. Pa dothi lovuta ndi madzi oyenda m'dothi, zida zake n'zochepa poyerekeza ndi Abaqus kapena Code_Aster.

Zina zimene mungakumane nazo

Maofesi ambiri ojambula nyumba ali kale ndi SAP2000, ndipo pa thanki safunika kugula china. Joint Pattern yake imalandira fomula ya mtundu wa Ax+By+Cz+D, ndipo ili ndi posankha kuti manambala ochepera ziro asanduke ziro, zimene zimathetsa vuto lija la wophunzira wanga. Imathera pa mizere yowongoka, moti Janssen amafuna kudula khoma m'malamba. Elmer ya ku Finland imalandira mafomula kudzera mu chinenero chake cha MATC, ndipo FEniCSx imalola wodziwa masamu kulemba mphamvu monga imalembedwera m'buku, koma kumeneko mumamanga nokha pafupifupi chilichonse, ndipo malo ake ndi kafukufuku osati ntchito yofuna kuperekedwa Lachisanu.

Iti pa ntchito iti

Wophunzira wa ku Tete kapena ku Songo amene akulemba ntchito yomaliza pa thanki kapena khoma lotchinga dothi ayambe ndi Ansys Student, chifukwa malire ake ndi otakasuka ndipo maphunziro a m'Chipwitikizi alipo. Ngati laputopu yake ndi yofooka kapena intaneti ndi ya pafoni, PrePoMax imufikitsa pa yankho lomwelo. Abaqus Learning Edition imuyenera pokhapokha mphunzitsi wake akugwiritsa ntchito Abaqus, pakuti mfundo 1,000 zimatha asanafike patali.

Ofesi ya anthu atatu kapena anayi imene imapeza ntchito za mathanki a m'maboma ndi makoma a m'mbali mwa misewu, ngati ili kale ndi layisensi ya SAP2000, ikhale pomwepo ndipo iphunzire Joint Pattern bwinobwino. Ngati ilibe, itenge PrePoMax lero, ndipo ipatule anthu awiri aziphunzira Code_Aster pang'onopang'ono pa ntchito zimene zinatha kale, zomwe mayankho ake akudziwika. Sindingalangize ofesi yotere kulowa ngongole ya madola chifukwa cha mphamvu ya madzi, ndipo sindingailangizenso kusaina mawerengero ochokera mu pulogalamu yobedwa, chifukwa khoma likang'ambika funso loyamba lidzakhala la chida chimene chinagwiritsidwa ntchito.

Amene akuwerengera nkhokwe ya chimanga akufunika exp ya Janssen m'maonekedwe a EN 1991-4, muyezo wa ku Ulaya wa nkhokwe ndi mathanki, ndi mphamvu ina yokhula khoma chotsika pansi, imene imatha kupinda chitsulo chopyapyala. Zonse ziwiri zimalembeka mosavuta mu COMSOL ndi mu Code_Aster, ndipo mu Code_Aster mphamvu yokhulayo imalowa ndi FORCE_FACE kapena FORCE_COQUE. Kusankha pakati pa ziwirizi ndi nkhani ya ndalama ndi nthawi imene muli nayo.

Pa madamu, kaya ndi a zinyalala za m'migodi kapena aakulu ngati Mphanda Nkuwa imene ikukonzedwa kumunsi kwa Cahora Bassa, mphamvu zimachuluka: madzi kutsogolo, madzi okankha kuchokera pansi pa maziko amene amachepa kulowera kumunsi, matope oundana, kutentha kwa konkireti, ndi mphamvu yoonjezera ya chivomerezi imene Westergaard anaipatsa fomula mu 1933, yomwe imakula ngati sikweya ruti ya kuya. Ntchito yotere ndi ya Abaqus, Ansys yathunthu kapena Code_Aster, ndipo nthawi zambiri mwini ntchito amatchuliratu pulogalamu imene woyang'anira wake angathe kutsegula. Funsani zimenezo musanajambule kalikonse. Pamene kutentha, kuyenda kwa madzi m'dothi ndi kupindika ziyenera kuwerengedwa limodzi, ndipo ndalama zilipo, COMSOL imachepetsa ntchito yolumikiza. Pamene mphamvu ikuyenda, monga sitima kapena lole pa mlatho, DLOAD ya Abaqus ndi imene inapangidwira zimenezo.

Watsala amene pulogalamu yake imangolandira mphamvu yofanana pa nkhope iliyonse, ndipo nthawi yophunzira ina palibe. Ameneyu adule khoma m'malamba, aliyense apatsidwe mphamvu ya pakati pake. Pa khoma lathu, malamba anayi a mita imodzi amapereka mphamvu yonse yolondola ya 78.5 ndi momenti ya 107.9, yoposa yeniyeni ndi 3 peresenti. Malamba asanu ndi atatu a theka la mita amapereka 105.5, kusiyana kosafika 1 peresenti, ndipo mzere wa pamwamba pa madzi ukhale malire a lamba womaliza kuti theka la mita louma lisalandire kanthu.